Usakaponye Kalongonda m'Chipanda

Yotamu mwana wanga,

Ndakhala pansi pa mpeyala wakuseri kwa nyumba, pepala lili pabondo. Amayi ako akukazinga mtedza wako wa paulendo, ndipo akuganiza kuti ndikulemba mayina a mbewu za kumunda wa mishoni. Asiye aganize choncho mpaka mawa. Kalatayi ndiyipinda m'bulangete lako, ukayipeza pofunyulula kumsasa. Pakamwa ndalephera. Katatu konse sabata ino ndakuyitana kuti tikambe, ndipo katatu konse ndathera kukufunsa ngati nsapato zikukukwana. Bambo ako ndi munthu wamantha, uyambe wadziwa zimenezo.

Mawa ukwera phiri ndi anyamata anzako a msasa, mukagona m'tchire sabata yathunthu monga muchitira chaka ndi chaka. Potsika sudzeranso kuno, ulunjika ku Luchenza kukakwera sitima ya ku sukulu ya uphunzitsi, ndipo zipita zaka ziwiri tisanaonane. Za kuchapa, za kupemphera, za atsikana a m'mbali mwa njanji, amayi ako akuuza kale mpaka makutu ako atopa. Ine ndili ndi nkhani imodzi yokha, ndipo ndi nkhani ya kanthu kali m'thumba la kabudula wako.

Chaka chatha unabwera kuchokera kumsasa utamanga mpango wofiira m'khosi, n'kutiuza kuti anzako akulowetsa m'kagulu kanu kaja ka Osunga Moto. Unatifotokozera bwinobwino pakhonde pano. Unati osankha si aphunzitsi ayi, koma anyamata amene analowa kale. Dzina la mnyamata likatchulidwa, chipanda chimazungulira, aliyense n'kulowetsamo dzanja lofumbata. Njere ya chimanga choyera ndiye kuti alowe, njere yakuda ya kalongonda ndiye kuti ayi. Kalongonda mmodzi yekha akwanira kumutsekera munthu kunja, ndipo palibe amene amadziwa dzanja limene laponya. Unatiuzanso kuti atakusankha unakhala tsiku lonse osalankhula, ukutunga madzi ndi kutola nkhuni za msasa wonse, utadya nthochi ziwiri basi. Ha, tsiku limenelo ndinanyada ine! Pa Sabata ndinayenda pambali pako mpaka kutchalitchi, khosi lili njo, ngati wavala mpangowo ndine. Ndipo tonse tikudziwa zimene sizinenedwa mokweza, kuti mzungu wa sukulu akamasankha opita m'makalasi apamwamba amayamba wayang'ana a mipango. Iwe ukukwera sitima chifukwa cha chimanga cha anzako. Otsala ambiri amabwerera kukaberekera dengu m'munda wa tiyi.

Lachinayi ndinkamanga mpanda wa khola, iwe ndi mnzako munali mbali inayo, simunandione. Ndinakumva ndi makutu angawa ukuti, "Petulo uja asadzivute, kalongonda wake ndasunga kale m'thumba. Mnguru adye zakwawo." Munaseka nonse awiri. Ine luzi linagwa m'manja, ndinakhala pansi pomwepo m'ndowe za ng'ombe. Chimene chinandiopsa si mawuwo ayi, koma liwu. Linali liwu langa, mwana wanga, la zaka makumi awiri zapitazo.

Ndikudziwa chimene anakulakwira Petulo, pakuti anyamata sasunga nkhani. Kumsasa wapita uja iwe unamanga chisakasa cha gulu lako monga zalembedwa m'buku la mzungu, iye n'kukuuza pamaso pa onse kuti udzu wafoleredwa chozondoka, mvula ikabwera mugona m'madzi. Mvula inabwera, munagona m'madzi. Anthu anakuseka, wa mpango wathunthu kuphunzitsidwa ndi wa kalasi yotsika, wopanda ngakhale malaya a gulu. Manyazi amenewo ndikuwadziwa kukoma kwake. Tamvera tsono mmene ndinawadziwira.

Ine sindinabadwire kuno, zimenezo ukudziwa, koma sindinakuuzepo mmene ndinafikira. Tinathawa ku Chipwitikizi tili anyamata, kuthawa ntchito yokakamiza ndi mbalamatodya, chithabwa chija chobowolabowola chimene ankamenyera anthu m'manja mpaka khungu kusupuka. Tinali atatu panjira: ine, mnzanga wina dzina lake Namalika, ndi mlongo wake wamng'ono. Chitsa chinandibaya kuphazi, phazi linatupa mpaka kununkha. Pofika pa Ruo madzi anali m'chifuwa, ine kuyima osatha. Ndinamuuza Namalika kuti andisiye. Iye anangoti, "Ukulemera ngati nkhuku yodwala, ndikusiyirenji?" Anandibereka kumsana, mlongo wake atagwira nsalu yake kumbuyo, tinawoloka. Mlongo wakeyo ndi amayi ako. Namalika ndiye amalume ako amene sunawaonepo, amene dzina lawo likatchulidwa amayi ako amadzuka n'kupita kukasesa pabwalo posesa kale. Usaiwale, Yotamu, unabadwa chifukwa munthu wina anakana kusiya mnzake kutsidya.

Tinapeza malo pa esiteti ina, tiyi ali wongoyamba kumene kubzalidwa. Mzungu anatilola kumanga nyumba ndi kulima kamunda, ife n'kumamugwirira thangata. Patapita zaka zingapo anafuna kapitawo watsopano, ndipo tsiku limenelo anachita chachilendo, anafunsa anthu eni ake kuti akufuna yani. Woyamba kutchula dzina langa anali Namalika. Anati, "Alamu angawa ali ndi mtima, sangatimenye." Anthu anavomera. Anandipatsa jekete la khaki ndi wenzulo wa chingwe chovala m'khosi, ndipo ndinaphunzira kulemba kuti ndizilemba mayina a anthu. Mwezi woyamba ndinkathandiza okalamba kumaliza mizere yawo. Mwezi wachitatu ndinkayima pachulu manja ali kumbuyo. Paja amati ukakwera pamsana pa njovu usamati pansi palibe mame, koma ine ndinayiwala ngakhale amene anandikweza. Chimene chili m'khosi mwakocho anakumanga ndi anzako, mwana wanga. Sunabadwe nacho.

Kulakwa kwina ndinakulakwira iwe mwini. Akapitawo anzanga anali Amang'anja ndi Ayao, ndipo ankatiseka ife obwera. Ankati Anguru odya njoka, Anguru a kalongonda, Anguru olankhula ngati madzi akuwira. Ndinachita manyazi, ndinaleka kulankhula Chilomwe pagulu, kenaka ndinachiletsa m'nyumba mwanga momwe. Amayi ako akamakuimbira uli wakhanda ndinkawakalipira kuti aimbe m'Chinyanja. Kalongonda ankaphika mobisa ine ndikapita kuntchito, poti amafuna tsiku lonse pamoto, kutaya madzi kangapo kuti ululu wake uchoke, ndipo ndikamva fungo lake ndinkatulutsa mphika panja. Ndiye Lachinayi lija, iwe ukuti "Mnguru", ndinafuna kuseka ndi kulira nthawi imodzi. Mnguru wake uti, iwe? Agogo ako onse anayi agona kutsidya kwa Ruo. Kalongonda amene wasunga m'thumbayo ndiye anatipulumutsa panjira, tinkadya yemweyo. Wolakwa ndine, ndinakulera ngati mbewu yogula, yosadziwa munda umene inachokera.

Tsono linafika tsiku la mbande. Mzungu anafuna kuti phiri lina lonse libzalidwe tiyi mvula isanathe, ndipo ine ndinafuna kuti gulu langa limalize gulu la kapitawo wina aliyense lisanafike pakati. Ndinawuza anthu kuti asataye nthawi kukumba maenje akuya, angobaya ndi khasu kawiri, kuponyamo mbande, kupondera. Namalika anandinong'oneza mmawa kuti, "Alamu, muzu wa tiyi ndi wautali, ukapindika mtengo sukula." Ndinamuimbira wenzulo kumaso. Masana mzungu anabwera pa bulu wake, n'kuyamba kundiyamikira kuti ndathamanga. Anafunsa anthu ngati zonse zili bwino. Namalika sankatha kunama, linali vuto lake kuyambira ubwana. Anawerama, anazula mbande imodzi ndi dzanja lake lamanzere, n'kuyikweza m'mwamba, muzu utapindika ngati mbedza. Mzungu anandivula chipewa n'kundimenya nacho kumaso pamaso pa anthu anga onse, akazi omwe. Tinazula phiri lonse n'kubzalanso. Namalika ananena zoona, ndipo tiyi ameneyo alipo mpaka lero, anthu akuthyola. Koma ine sindinaone tiyi, ndinaona anthu akubisa kuseka m'zikhatho.

Madzulo ake anabwera kunyumba kudzapepesa, atanyamula nzimbe ziwiri. Ndinalandira nzimbezo, tinadya limodzi, ndinamuuza kuti zatha. Samala ndi mawu amenewo, Yotamu. Munthu akakuuza msanga kuti zatha, kawirikawiri ndiye kuti wangozisunga m'thumba.

Zaka zimenezo azungu anali ndi mantha ndi anthu akuda, ankaona chiwembu paliponse. Chaka ndi chaka mzungu wathu ankatiyitana akapitawo mmodzimmodzi mu ofesi, chitseko chotseka, n'kufunsa kuti pakati pa anthu okhala pamalo ake ndani wovuta. Wotchulidwa ankachotsedwa, ndipo sankauzidwa amene wamutchula. Ndinalowa. Anafunsa. Ndikanatha kunena kuti palibe, monga ndinkanenera zaka zonse. Ndinayang'ana pansi n'kunena kuti, "Namalika ali ndi pakamwa, bwana." Basi, mawu asanu okha. Sindinanene kuti ndi wakuba, sindinanene kuti ndi waulesi, ndipo potuluka ndinadziuza kuti sindinaname. Ndinkaganiza kuti amukalipira, mwina amumenya ndi chipewa ngati ine, tifanane. Ukaponya kanthu mobisa umadziuza kuti n'kakang'ono. Iwenso ukudziuza kuti ndi kanjere chabe, Petulo adzayesanso chaka chamawa. Chaka chamawa sichibwera kwa aliyense, mwana wanga.

Patapita masiku anayi kunabwera amesenjala ndi pepala. Chimanga cha Namalika chinali chitangoyamba ngayaye, anachitchetcha chonse. Nyumba inayenera kugwetsedwa, ndipo wotsogolera anthu ogwetsa anali kapitawo wa dera limenelo, ine. Ndinaimba wenzulo, anthu anakwera padenga. Namalika anayima pambali ndi mkazi wake amene anali ndi pathupi, katundu wawo ali m'dengu limodzi. Pamene ndinkagwedeza mzati wapakati kuti uzuke, anandifuulira kuti, "Alamu, chokanipo apo, mtandawo ukugwerani!" Anathamanga n'kundikoka pamkono, mtanda unagwa pamene ndinayima. Kenaka anandigwira dzanja n'kunena m'Chilomwe, chimene ndinali nditachiletsa chija, kuti ndisadandaule, akudziwa kuti ndangotumidwa, ndimusamalire mlongo wake ndi mwana. Mwanayo unali iwe, uli kumsana kwa amayi ako, ukuyamwa chala. Kalanga ine, akanandilavulira bwenzi ndili ndi pogwira. Anandithokoza, Yotamu.

Munthu wochotsedwa ndi mbiri ya pakamwa panalibe esiteti yomulandira. Anakasiya mkazi wake kwa abale a mkaziyo ku Nsabwe, iye n'kuwolokanso Ruo yemwe uja anandiwolotsa. Apwitikizi anamugwira ngati wothawa, anamutumiza kukakumba msewu, ndipo chaka chisanathe tinamva kuti wafa. Maliro sitinaone, manda sitikuwadziwa. Amayi ako anamva mphekesera yoti anamutchula ndi kapitawo wina, mkulu wa nkhanza amene anthu ankadana naye kale. Ine ndinangokhala chete. Mkuluyo anamwalira kalekale, koma mpaka lero amayi ako akamadutsa pafupi ndi manda ake amalavula, ine ndili pambali pawo. Ndinavula jekete, ndinabwera kuno ku mishoni, ndinabatizidwa mumtsinje, ndakhala ndikulima munda wa sukulu zaka zonsezi. Anthu amati a Lazaro ndi munthu wofatsa. Madzi aja anatsuka zambiri, koma mawu asanu aja ndimadzuka nawo tsiku lililonse. Ku Nsabwe sindinapondeko, ngakhale kufunsa ngati mwana uja anabadwa wamoyo. Ndinkaopa nkhope yake.

Nkhopeyo inandipeza yokha. Miyezi itatu yapitayo anyamata a sukulu anabwera kumunda kudzagwira ntchito ya manja, tinkawokera mbande za malalanje. Onse ankathamanga kuti akasewere mpira. Mmodzi yekha anatsalira kumbuyo, akukumba dzenje lakuya mpaka m'chigongono, n'kumawongola muzu ndi zala ziwiri asanakwirire. Ankagwira khasu ndi dzanja lamanzere. Atatukula mutu ndinaona mpata wa mano ndi mphumi zimene ndinaziona komaliza tsiku logwetsa nyumba. Ndinamufunsa kwawo, anati ku Nsabwe. Ndinamufunsa amene anamuphunzitsa kubzala, anati, "Amayi. Amati bambo anga ankabzala chonchi." Ndinafunsa dzina la bambo akewo. Anati, "A Namalika, koma sindinawaone, anafera ku Chipwitikizi ndisanabadwe." Kenaka anandifunsa mwaulemu ngati ndikudwala, poti ndinali nditatsamira khasu. Mnyamata ameneyo ndi Petulo. Ndi mwana wa amalume ako, msuweni wako weniweni. Anayamba sukulu mochedwa chifukwa ankathyola tiyi ndi amayi ake, ndipo malaya a gulu alibe chifukwa munthu amene akanamugulira ndinamuchotsa ine.

Tsono umvetse bwino apa, usandimve molakwa. Sindikuti umuponyere chimanga chifukwa ndi mbale wako. Ndinatsala pang'ono kukubisira zaubalezo, kuti usachite chabwino pa chifukwa cholakwika. Akanakhala Myao wa ku Goliati, kapena mwana wa munthu amene sitimudziwa n'komwe, kalatayi ndikanalembabe. Dzifunse zimene gulu lanu limafunsa, monga unatiuzira wekha pakhonde. Kodi amatumikira anzake? Kodi amanena zoona? Kodi moto wake umazima mvula ikagwa? Ngati walephera pamenepo, ponya kalongonda, ndipo ukatero upite ukamuuze pamaso kuti waponya ndiwe ndi chifukwa chake. Koma ngati mlandu wake ndi woti ananena zoona za udzu wako, ndiye kuti ukufuna kumulanga chifukwa cha chinthu chimene mpango wakowo umayimira. Chipanda chimabisa dzanja kwa anzako, sichibisa kwa mwini dzanja. Ine chitseko cha ofesi chinali chotseka, palibe anandiona, ndipo taona mmene ndakalambira.

Ndiponso tsiku lija la kukhala chete, limene mumapatsa olowa kumene, ulikumbukire bwino. Unati linali lovuta kuposa njala. Ine ndakhala chete zaka makumi awiri ndipo ndikuuza kuti kukhala chete kulipo kuwiri. Kwina n'kwa munthu amene akusenzera anzake madzi, kwina n'kwa munthu amene akuyang'ana mkazi wake akulavulira manda olakwika. Kunja kumaoneka chimodzimodzi, onse amatchedwa ofatsa. Ku sukulu ya uphunzitsi ukapatsidwa zina zovala m'khosi ndi pachifuwa, pakuti mutu uli nawo, ndipo udzakhala ndi ana a eni ake m'manja mwako. Padzapezeka mwana wokuwongola pa bolodi anzake akuona. Tsiku limenelo udzandikumbukire ndili pachulu ndi wenzulo wanga.

Ukhoza kudana nane ukawerenga izi, ndipo sindikuletsa. Unkadziwa bambo wolima malalanje, wotsogolera nyimbo pa Sabata, ndipo ndakulanda bambo ameneyo usiku wako woyamba kumsasa. Pepa. Ndinayesa njira zonse zoti ndikuletse popanda kudzivula, sindinayipeze. Ndikanangoti "usachite", ukanati akuluakulu amatero nthawi zonse.

Mawa ndikakuperekeza mpaka pamphambano, ndikabwerera kunyumba, ndikakhala pansi ndi amayi ako. Ndikawauza kuti mwana wa mchimwene wawo ali moyo, ali pa mishoni pompano, akhala akumudutsa panjira ya kuchitsime osadziwa. Zimenezo akalira ndi chimwemwe. Kenaka ndikawauza zinazo, ndipo ndikawauza m'Chilomwe, ngati lilime langa likukumbukirabe. Sindikudziwa ngati pobwera iwe udzatipeza m'nyumba imodzi. Zimenezo si katundu wako, ndi wanga, usakazisenze kuphiri.

Pakona ya pepalali pali pomanga ndi ulusi, umasule bwino kuti kanthu kasagwere m'udzu. Ndi njere ya chimanga choyera cha m'nkhokwe mwathu, ndasankha yonona. Tsopano m'thumba mwako mukhala njere ziwiri, ndipo chipanda chikafika pa iwe palibe amene adzakhale nawe m'menemo, ine ndemwe. Sindikufunsa kuti udzandilembere zimene wachita. Ukafika kusukulu udzangoyika mu envulopu njere imene yatsala, n'kutumiza kuno. Ndidzadziwa ndikatsegula.

Uyende bwino, mwana wanga. Phazi likatupa panjira, usachite manyazi kuberekedwa.

Ndine bambo ako,
Lazaro